Zilembo Zimene Hoffmann Anabweretsa ku Joni

Makolo athu ambiri a kuno ku Tete anatsikira ku Joni kukakumba golide, ndipo nkhani zawo tinazimva pamoto madzulo. Koma mumzinda womwewo munafikanso alendo ena osauka, Ayuda a ku Lithuania, othawa umphawi ndi nkhanza za ufumu wa Russia. Iwo ankalankhula Ciyidishi, cinenero capacibale ndi Cijeremani koma colembedwa ndi zilembo za Cihebri, kuyambira kumanja kunka kumanzere.

Mmodzi wa iwo anali Nehemiah Dov Hoffmann, wobadwa mu 1860, amene anafika ku South Africa mu 1889. Kumeneko kunalibe zilembo zacitsulo zosindikizira cinenero cake, motero anazibweretsa yekha, ndipo mu 1890 anatulutsa ku Johannesburg nyuzipepala yoyamba ya Ciyidishi m'dzikomo, Der Afrikaner Israelit. Sinathe ngakhale caka. Anasamukira ku Cape Town nayambitsa ina, Ha-Or, mu 1895, kenaka zinanso, iyi ikafa ayambe ina. Wina akanati bamboyu akutunga madzi ndi dengu.

Phindu la khama lotere linaoneka mu 1902, pamene boma la Cape linalamula kuti mlendo aliyense wofika padoko azilemba pempho lake m'cinenero ca ku Ulaya. Nanga Ciyidishi, ca zilembo zacilendo zija, ncakuti? Akacikana, ndiye kuti munthu wodziwa kuwerenga kuyambira ubwana wake ayesedwa mbuli nabwezedwa pa sitima. Mtolankhani mnzake, David Goldblatt, pamodzi ndi loya Morris Alexander, analimbana ndi boma kufikira lamulo la 1906 linacivomereza. Ine ndiona kuti mlanduwo ukanavuta koposa cikhala kuti cinenerocho cinali ca pakamwa pokha, copanda nyuzipepala yoti nkuiika pa tebulo la nduna. Ife amene cinenero cathu cinkachedwa ca anthu osaphunzira m'masiku a Apwitikizi, izi sitifunika kuuzidwa kawiri.

Mu 1916 Hoffmann anasindikiza buku la zikumbutso za moyo wake, Sefer Hazikhroynes, namwalira mu 1928. Patapita zaka ziwiri, lamulo latsopano linacepetsa kwambiri ciwerengero ca obwera kucokera ku Lithuania. Mu 1941 asilikali a Hitler analowa m'dzikolo, ndipo pa Ayuda khumi alionse amene anatsala kumeneko, pafupifupi asanu ndi anai anaphedwa nkhondo isanathe.