DARPA Grand Challenge: Mmene Anakonzekeretsera Galimoto Zoyenda Popanda Dalaivala

DARPA Grand Challenge unali mpikisano wa galimoto zoyenda zokha, umene unakonzedwa ndi DARPA, nthambi ya zofufuza-fufuza ya unduna wa citetezo ku America. Lamulo lalikulu linali lakuti galimoto ikangonyamuka, palibe munthu wololedwa kuiongolera, kaya ali mkati kapena ali kutali.

Mpikisano woyamba unacitika pa 13 March 2004 m'cipululu ca Mojave. Galimoto 15 zinapatsidwa malo pa mpikisanowu, umene unayambira pafupi ndi Barstow ku California, koma panalibe imene inamaliza ulendo wa makilomita oposa 220. Imene inapita patali, Sandstorm ya yunivesite ya Carnegie Mellon, inatitimira isanakwanitse makilomita 12. Galimotoyi inali itagubuduzika poiyesa kutatsala masiku ocepa, ndipo zipangizo zake zoonera zinacita kukonzedwa mothamanga. Mphoto ya madola 1 miliyoni inasowa woitenga.

Pokonzekera mpikisano wa 2005, magulu anathera nthawi yaitali poyesa masensa, ndiko kuti zipangizo zimene zimagwira nchito ya maso ndi makutu a galimoto. Gulu la yunivesite ya Stanford, lotsogoleredwa ndi a Sebastian Thrun, linatenga Volkswagen Touareg n'kuipatsa dzina lakuti Stanley. Pa denga anaikapo zipangizo zisanu za laser zoyeza nthaka ya kutsogolo, anawonjeza kamera, radar ndi GPS, ndipo makompyuta anawaika kumbuyo kwa galimoto.

Vuto linaonekera m'cipululu momwemo. Galimoto ikagwedezeka pa msewu wa mabampu, laser inali kupendekeka pang'ono, ndipo kompyuta inali kuona cipupa pamalo pamene panali pabwinobwino. Akatswiriwo anathetsa izi mwa kuyendetsa galimotoyo ndi manja, kompyuta ikujambula zonse, kenako n'kuiphunzitsa kuti pamene munthu wadutsa palibe copinga. Vuto lina linali lakuti laser inali kuona mamita pafupifupi 25 cabe, mtunda wocepa kwa galimoto yothamanga. Motero anakonza kuti laser izisonyeza kamera maonekedwe a msewu wabwino wa pafupi, ndipo kamerayo izifunafuna maonekedwe omwewo patali. Nzeru imeneyi ndiyo inalola Stanley kuwonjeza liwiro pamalo oongoka.

Magulu 43 anaitanidwa ku mayeso a pa bwalo la California Speedway ku Fontana, kumene galimoto zinayenera kudutsa pa zipata, kulowa mu ngalande imene GPS siigwira, ndi kuzemba galimoto zoimikidwa m'njira. Galimoto 23 zinapatsidwa malo. Njira yeniyeni ya mpikisano inaperekedwa kwa magulu kutatsala maola awiri okha kuti ayambe, kotero panalibe mpata woiloweza.

Pa 8 October 2005, Stanley inamaliza makilomita 212, kuyambira ndi kuthera ku Primm, Nevada, m'maola 6 ndi mphindi 54, ndipo inatenga madola 2 miliyoni. Sandstorm inakhala yaciwiri, ndipo H1ghlander, inzake ya ku Carnegie Mellon, inakhala yacitatu. Iyi inali itatsogola kwa nthawi yaitali, koma injini yake inafooka; nayonso inali itagubuduzika poiyesa mu September. Galimoto zisanu zinamaliza ulendowo.

Mu 2007 DARPA inasamutsira mpikisanowu m'misewu ya ngati ya m'tauni ku Victorville, kumene galimoto zinayenera kutsata malamulo a pamsewu pakati pa galimoto zina. Kumeneko inapambana ndi Boss, ya Carnegie Mellon.