Cinsinsi ca Anthu Opsinjidwa ndi Miyala

Inu omvera a ku migodi, mverani mbiri iyi. M'caka ca 1940 ndege za Ajeremani zinayamba kuponya mabomba pa mzinda wa London, ndipo anthu ambiri anapsinjidwa ndi zipupa za nyumba. Atawafukula, ena anaoneka ngati apulumuka, nalankhula bwino lomwe. Koma patapita masiku owerengeka mkodzo unaleka kutuluka, ndipo anamwalira.

Dotolo Eric Bywaters wa pa cipatala ca Hammersmith anafunafuna cifukwa cake. Mu 1941 analemba za odwala anai otere, ndipo pambuyo pake anaonetsa kuti mnofu wophwanyika umatulutsa zoipa zimene zimalowa m'mwazi colemeraco citacotsedwa, nizitseka impso.

Lero, ngati nkotheka, madotolo amayamba kuthira madzi a mcere m'mitsempha ya wovulala asanamcotse pansi pa mwala. Impso zikalephera, makina otsuka mwazi amagwira nchito m'malo mwake. Willem Kolff wa ku Holland ndiye anayamba kupulumutsa munthu ndi makina otere mu 1945.

Tsono mnzanu akapsinjidwa mu mgodi, ngakhale aimirire nanena kuti ali bwino, musamlole apite kunyumba. Mtengereni ku cipatala msanga.