Msewu wa Mudzi wa Gehlaur ku India

Kalembera wa chaka cha 2011 adasonyeza kuti anthu oposa 833 miliyoni a dziko la India ankakhala kumidzi, ndipo midziyo inalipo pafupifupi 640,000. Kwa zaka zambiri midzi yochuluka inalibe msewu wodalirika wopita kuchipatala, kusukulu ndi kumsika. Mbiri ya mudzi wa Gehlaur, umene uli m'chigawo cha Bihar kufupi ndi mzinda wa Gaya, imatiphunzitsa kuopsa kwa vuto limeneli.

Gehlaur ndi mudzi wa alimi umene uli m'tsinde mwa phiri lalitali la miyala. Kutsidya kwa phirilo kuli tauni ya Wazirganj, kumene anthu ankakapeza dokotala ndi msika. Ofuna kupita kumeneko ankayenera kuzungulira phiri lonse, apo ayi kukwera kanjira koopsa ka m'matanthwe. Amene ankavutika koposa anali a mtundu wa Musahar, anthu opanda minda amene ankakhalira maganyu ndipo ankanyozedwa ndi mitundu ina.

Mmodzi mwa iwo anali Dashrath Manjhi, amene pa unyamata wake adagwirako ntchito m'migodi ya malasha ku Dhanbad. M'chaka cha 1959 mkazi wake adavulala kwambiri paphiripo, ndipo adamwalira chifukwa thandizo la chipatala linali kutali. Imfayi idamuwawa mtima Manjhi kotero kuti m'chaka cha 1960 adayamba kugoba phirilo ndi nyundo ndi chitsulo chosongoka. Anzake ankamuyesa wamisala, koma iye sadabwerere m'mbuyo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Atagwira ntchitoyi kwa zaka 22, m'chaka cha 1982 adatsiriza mpata wotalika mamita 110, wotambalala mamita 9 ndiponso wozama mamita oposa 7. Ulendo wa pakati pa madera a Atri ndi Wazirganj udafupika kuchoka pa makilomita 55 kufika pa makilomita 15.

Komabe mpatawo unali njira ya miyala chabe. Kuika phula, kumanga milatho ndi kusamala msewu ndi ntchito yoposa mphamvu za munthu mmodzi, pajatu mutu umodzi susenza denga. Pa 25 Disembala 2000 boma la India, motsogozedwa ndi Nduna Yaikulu Atal Bihari Vajpayee, lidakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Pradhan Mantri Gram Sadak Yojana. Cholinga chake chinali kufikitsa kumidzi misewu yoyendeka chilimwe ndi dzinja lomwe.

Posankha midzi yoyenera kulandira msewu, boma lidatsamira pa chiwerengero cha anthu cha kalembera wa 2001. M'madera a chigwa mudzi unkayenera kukhala ndi anthu osachepera 500, pamene m'madera a mapiri ndi a chipululu malire anali anthu 250. Midzi ya anthu oposa 1,000 ndiyo inkayambirira. Motero ntchito yowerenga anthu idasanduka nkhani ya moyo ndi imfa, chifukwa mudzi waung'ono unkayenera kudikira ngakhale mayi woyembekezera wa kumeneko anali pa ngozi yofanana ndi wa mudzi waukulu.

Manjhi adamwalira pa 17 Ogasiti 2007 m'chipatala ku New Delhi, ndipo boma la Bihar lidachititsa mwambo wa maliro ake mwaulemu wa boma. Msewu wake udapakidwa phula iye atapita kale, ndipo m'chaka cha 2016 nkhope yake idasindikizidwa pa sitampa ya dziko la India.

Tikamayamikira khama la Manjhi, tisaiwale funso limene mbiri yake ikutifunsa. Kodi n'chifukwa chiyani mmphawi adatha zaka 22 akugwira yekha ntchito imene inali udindo wa boma? Chiwerengero chimathandiza pogawa chuma chochepa mwachilungamo, koma kuseri kwa nambala iliyonse kuli munthu amene akhoza kufera panjira chipatala chili kutsidya kwa phiri.