Amtengatenga, Ngolo ndi Lole Yopanda Dalaivala

Lole ikanyamuka ku Cape Town kulowera kumpoto imadutsa Paarl n'kulowa mumsewu woboola phiri wa Huguenot, wotalika pafupifupi makilomita 4, umene unatsegulidwa mu 1988. Ikatuluka imadzera ku Worcester, kukwera chigwa cha Hex River, kenako n'kufika m'chipululu cha Karoo, mmene msewu wa N1 umawongoka ngati chingwe kudutsa Laingsburg ndi Beaufort West. Kuchokera pa Cape Town kukafika pa Beitbridge ndi makilomita oposa 1,900. Ambiri mwa amene amagwira chiwongolero paulendowu ndi a ku Zimbabwe, Zambia, Malawi ndi Mozambique. Nkhani za malole odziyendetsa okha zikamveka kuchokera ku America, anthu amenewa ndiwo zimawakhudza koyamba. Koma aka si koyamba kuti katundu wa panjira imeneyi asinthe womunyamula.

Chichewa chinasunga umboni wake m'mawu amodzi. Unduna woyang'anira misewu, njanji ndi ndege ku Malawi umatchulidwa kuti wa zamtengatenga, ndipo ambiri amatchula dzinali osaliganizira. Amtengatenga anali anthu. M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, katundu wa kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, ankabwera pa sitima zapamadzi mumtsinje wa Shire mpaka kumunsi kwa mathithi, ndipo kuchokera pamenepo amuna ankamusenza pamutu kukwera naye zitunda mpaka ku Blantyre. Msonkho wa nyumba utakhazikitsidwa, kusenza kunakhala njira imodzi yopezera ndalama yolipirira. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, koma mutu wa munthu sunapume. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mawu akuti mtengatenga, obwereza tsinde la kutenga, amamveka kutopa kwa ntchito yosatha. Lero amatanthauza malole ndi masitima, eni ake ataiwalika.

Ku Cape wonyamula woyamba inali ng'ombe. Ngolo yaikulu inkakokedwa ndi ng'ombe pafupifupi 16, ndipo kutsogolo kwake kunkayenda mnyamata, kawirikawiri wachikuda, atagwira chingwe cha ng'ombe zotsogolera. Misewu yodutsa m'mapiri ozinga Cape Town inamangidwa ndi akaidi. Andrew Geddes Bain anamaliza wa Bain's Kloof mu 1853 ndi manja a anthu otere, ndipo mwana wake Thomas Bain anapitiriza ntchitoyo kwa zaka zambiri. Dayamondi itapezeka ku Kimberley ndi golide ku Witwatersrand, kuyendetsa ngolo kunasanduka ntchito ya anthu zikwizikwi, azungu ndi akuda omwe, ndipo alimi ena achikuda anagula ngolo zawo n'kulemera nazo.

Ntchito imeneyi inatha msanga. Njanji yochokera ku Cape Town inafika ku Wellington mu 1863, ku Kimberley mu 1885, ku Johannesburg mu 1892. Kenako mu 1896 mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unawoloka Zambezi, ndipo pofika kumapeto kwa 1897 unali utapha ng'ombe zoposa 2 miliyoni kummwera kwa Africa. Amene chuma chawo chonse chinali m'khola anatsala manja lende. Ambiri analowera ku migodi kukagwira ntchito yolipidwa, zimene eni migodi ankazifuna kale. Mu Januwale 1897, ng'ombe zikufa, galimoto yoyamba m'dzikolo, ya mtundu wa Benz, inaonetsedwa ku Pretoria pamaso pa Paul Kruger. Panthawiyo inali choseweretsa cha olemera.

Dzina lake linatifikira kudzera kwina. Galimoto ndi mawu a Chiswahili, gari ndi moto, ndipo gari anachokera ku India. A ku Lusaka amati motoka, kuchokera ku Chingerezi. Chinthu chimodzi, njira ziwiri zimene chinadzera.

Lole sinagonjetse njanji mwa mphamvu zake zokha. Mu 1930 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo la Motor Carrier Transportation Act lofuna kuti wonyamula katundu pamsewu akhale ndi chilolezo, ndipo zilolezozo zinkaperekedwa moumira pofuna kuteteza njanji ya boma. Kwa zaka zoposa 50 katundu wa mtunda wautali anali wa sitima chifukwa lamulo linatero. Lamulolo linafewetsedwa mu 1977, ndipo mu 1988 nyumba ya malamulo inavomereza kuchotsa zoletsazo. Katundu anasamukira pamsewu, ndipo sanabwererenso. Kumpoto nkhondo ndiyo inagwira ntchito imene lamulo linagwira kummwera. Malawi inkadalira njanji za ku Beira ndi Nacala, koma nkhondo ya ku Mozambique inatseka zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo mlatho wa Dona Ana, womangidwa mu 1935, unaphulitsidwa mu 1986. Fodya, tiyi, feteleza ndi mafuta zinayamba kuyenda pa malole kupita ndi kuchokera ku Durban, ena kudzera ku Tete moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ena kuzungulira ku Chipata ndi Lusaka. M'badwo wa madalaivala olankhula Chinyanja amene amadziwa Mwanza, Zobue, Nyamapanda ndi Beitbridge ngati kumudzi kwawo unabadwa nthawi imeneyo.

Mtengo wa kusamukaku unalipiridwa ndi miyoyo. Pa misewu ya South Africa pamafa anthu oposa 12,000 pafupifupi chaka chilichonse, ndipo mwa anthu khumi alionse, anayi amakhala oyenda pansi. Mu Seputembala 2013 lole inalephera kuima potsika Fields Hill ku Pinetown n'kuomba ma minibasi, anthu oposa 20 n'kufa. Mu Seputembala 2022 ku Pongola lole ina inaomba galimoto yonyamula ana asukulu, ndipo anthu 20 anafa, 18 mwa iwo ana. Ngozi zotere zikachitika dalaivala ndiye amaonekera m'khoti. Amene anasiya mabuleki osakonza, kapena amene amalipira potengera maulendo kotero kuti kugona kumasanduka kutaya ndalama, kawirikawiri saoneka. Palinso imfa ya mtundu wina. Mu Ogasiti 2019 bungwe la Human Rights Watch, potengera kafukufuku wa Road Freight Association, linanena kuti anthu oposa 200, ambiri madalaivala ochokera kunja, anaphedwa pa ziwawa zolimbana ndi malole kuyambira mu Malichi 2018. Owaukirawo ankati alendo akulanda ntchito.

Apa ndi pamene makina akulowera, ndipo lonjezo lawo si lachabe. Kompyuta siwodzera pakati pa Laingsburg ndi Beaufort West, simwa mowa, sipsa mtima. Mu 2004, pa mpikisano wa DARPA m'chipululu cha Mojave, panalibe galimoto yodziyendetsa ngakhale imodzi imene inamaliza ulendo. Chaka chotsatira ya ku yunivesite ya Stanford inapambana. Mu Okutobala 2016 lole ya kampani ya Otto inanyamula mowa ku Colorado, dalaivala atachoka pampando wake, ndipo mu 2025 kampani ya Aurora inayamba kuyendetsa malole odziyendetsa pakati pa Dallas ndi Houston. Ku South Africa komweko, mgodi wa dayamondi wa Finsch ku Northern Cape unayamba kugwiritsa ntchito malole opanda dalaivala pansi pa nthaka m'zaka za m'ma 2000. Koma mgodi ndi malo otchingidwa, mmene munthu saloledwa kuponda njira ya makina.

Msewu wa anthu onse ndi nkhani ina, ndipo imfa imodzi ya ku Arizona iyenera kukumbukiridwa kuno kuposa kwina kulikonse. Usiku wina mu Malichi 2018, mumzinda wa Tempe, galimoto yoyeserera ya Uber inagunda ndi kupha Elaine Herzberg akuwoloka msewu akukankha njinga. Ofufuza a boma anapeza kuti makinawo anamuona masekondi angapo ngozi isanachitike, koma ankasinthasintha pomuzindikira, pena ngati galimoto, pena ngati njinga, pena ngati chinthu chosadziwika, chifukwa sanaphunzitsidwe kuyembekezera munthu wowoloka pamalo opanda mizere. Munthu wokankha njinga mumdima, pamalo opanda mizere, ku Arizona ndi chodabwitsa. Pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, kapena pa Great East Road pafupi ndi Katete, ndiye mwini msewu, ndipo njinga yake imakhala itasenza matumba atatu a makala amene amasintha maonekedwe ake onse. Pa N2 pafupi ndi Khayelitsha anthu amawoloka msewu waukulu tsiku ndi tsiku. Makina ophunzira kuona m'misewu ya Texas ndi California adzayenera kuphunziranso, ndipo ophunzirirapo adzakhala anthu amoyo.

Chinanso n'chakuti kuwongolera ndi gawo chabe la ntchito ya dalaivala wa mtunda wautali. Iye ndiye amakhala masiku pamzere wa pa Beitbridge ndi mapepala m'manja, amamangitsa tenti ikamasuka, amasintha tayala, amalondera katundu usiku, amalankhula ndi wapolisi m'Chishona, Chipwitikizi kapena Chizulu. Lamulo la pamsewu la South Africa la 1996 linalembedwa poganizira kuti pa chiwongolero pali munthu wokhala ndi laisensi, amene angamangidwe. Choncho n'kutheka kuti makina adzayambira pa mtunda wowongoka wa Karoo, pakati pa malo awiri otsitsira katundu, munthu n'kutsala ndi mbali zovuta za kumapeto. Umu ndi mmene zinakhalira ku Nyasaland njanji itafika: sitima inatenga chigwa, amtengatenga anatsala ndi zitunda ndi midzi yakutali.

Ngati zidzatero, mtunda umene umalipira bwino ndiwo udzachoke m'manja mwa anthu, ndipo oyamba kuchotsedwa adzakhala amene alibe bungwe lowayankhulira kapena voti m'dzikolo. Ndalama zimene dalaivala wa ku Mangochi kapena ku Chipata amatumiza kwawo mwezi ndi mwezi zimalipira fizi, zimagula malata ndi feteleza. Pamene ng'ombe zinkafa mu 1897, oyendetsa ngolo anali ndi migodi yowalandira, ngakhale mwankhanza. Migodi ya lero ndiyo inayamba kuchotsa dalaivala pampando.