Ngonde, Nkhonde ndi Konde: Mbiri ya Katchulidwe ka Kyangonde

Kumpoto kwa dziko lathu, pachigwa cha pakati pa nyanja ndi mapiri, mpaka kukafika kumtsinje wa Songwe, kuli anthu odziwika ndi maina atatu. Eni ake amati dziko lawo ndi Ngonde. Atumbuka ndi Achewa amati Nkhonde. Azungu oyamba analemba kuti Konde. Komatu dzinalo ndi limodzi, ndipo amene wamvetsa chimene chisiyanitsa Ngonde ndi Nkhonde wayamba kale kudziwa katchulidwe ka chinenero cha ku Karonga.

Ufumu wa Kyungu unakhazikika paphiri la Mbande pafupi ndi chaka cha 1600, monga afotokoza Owen Kalinga m'buku lake la 1985. Anthu a Kyungu ndi abale a Anyakyusa a tsidya lija la Songwe, ndipo zinenero zawo n'zomvana. Kampani ya African Lakes inamanga sitolo ku Karonga mu 1884, koma mu 1890 Angelezi ndi Ajeremani anapangana kuti malire awo akhale Songwe. Potero abalewo anagawidwa pawiri, ndi mbiri ya kulemba chinenero chawo inagawikanso.

Tsidya la Ajeremani, amishoni a Berlin ndi a Moravian anafika mu 1891, nayamba kutchera khutu. Mu 1899 mmodzi wa iwo, Schumann, anasindikiza galamala ya Konde. Chaka chomwecho Carl Meinhof anatulutsa buku lake lotchuka lolinganiza katchulidwe ka zinenero za Bantu, ndipo Konde chinali chimodzi mwa zinenero zochepa zimene anazisankha, pamodzi ndi Chiswahili, Herero ndi Duala. Tsidya lino, m'sukulu zambiri za mishoni ya Livingstonia munamveka Chitumbuka, ndipo kuyambira 1968 Chichewa chinalowa m'sukulu zonse. Chotero mibadwo ingapo ya ana a ku Ngonde inaphunzira kuwerenga m'chinenero chosakhala cha amawo.

Kodi akatswiri aja anamvamo chiyani? Choyamba ndi lamulo limene lili m'dzina lomwelo. Pamene Mchewa anena nkh, nth ndi mph, wa ku Ngonde anena ng, nd ndi mb. Nkhuku ndi inguku, munthu ndi umundu, mphepo ndi imbepo. Momwemonso Nkhonde ndi Ngonde. Kalekale makolo a zinenero zonsezi ankanena nk, nt ndi mp. Achewa anawonjezapo mpweya, anzathu a kumpoto anafewetsa, koma muzu ndi umodzi.

Chachiwiri chaoneka kale m'zitsanzozi: dzina limayamba ndi lembo la liwu, monga u mu umundu ndi i mu inguku. Chichewa chinataya lembo limeneli, koma Chibemba, Chiganda ndi Chizulu zinalisunga. Chachitatu ndi ky, amene aima pamene ife tiika ch. Nchifukwa chake chinenero chitchedwa Ikyangonde, mfumu yaikulu Kyungu, ndi Mulungu Kyala. Chachinayi, m'mau enieni a makolo mulibe v kapena z: mvula ndi ifula, njovu ndi isofu.

Pali zinanso ziwiri zimene khutu la Mchewa silifulumira kuzimva. M'Chichewa kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pamsika. Chinyakyusa ndi Kyangonde sizitero, monganso Chitumbuka ndi Chiswahili. Izo zisiyanitsa mau pokoka liwu kapena polidula, ndipo olemba ena amabwereza lembo posonyeza kukokako, monga mu amiisi, ndiwo madzi. Ndiponso akatswiri avomerezana kuti chinenero cha makolo a Bantu chinali ndi maliwu 7. Chichewa chinatsala ndi 5, a, e, i, o, u, koma Chinyakyusa chinasunga onse 7. Amene afuna kudziwa mmene makolo athu ankayankhulira ayenera kukamvera kumeneko.

Tsono inu aphunzitsi a mawa, ena a inu mudzatumizidwa ku Kaporo, ku Mpata kapena ku Iponga. Kumeneko mudzapeza mwana wa Sitandade 1 amene asokoneza nth ndi nd, kapena v ndi f. Mwanayo sali wogontha mutu, ndipo lilime lake silinapindike; atsata lamulo limene analimva ali kumsana. Mukamseka kapena kumkalipira, adzaleka kuyankha m'kalasi, nadzayesa chinenero cha kwawo chinthu chochititsa manyazi. Koma mukalemba pabolodi nkhuku ndi inguku, munthu ndi umundu, mphepo ndi imbepo, mzere uwu apa ndi uwo apo, iye adzalipeza yekha lamulolo, ndipo adzakhoza kulemba Chichewa osataya Kyangonde.

Chifukwa chake mukafika kumeneko, khalani ndi kope la padera. Funsani akuluakulu a m'mudzi maina a ziweto, mbewu ndi ziwalo za thupi, muwalembe monga muwamvera, osawakhotetsa kuti afanane ndi Chichewa. Ntchito imene amishoni anaiyamba mu 1891 inali ya alendo. Lero igwera inu, ana a dziko lino, amene mudzamva mauwo tsiku ndi tsiku pakamwa pa ana anu.