Pamene Khasu Linali Ndalama

Lero tikambe za ndalama, koma tiyambire pa khasu lili pakhonde panulo.

Kutali ku China, zaka zoposa 2,500 zapitazo, m'nthawi ya mafumu a Zhou, anthu anayamba kupanga ndalama za mkuwa wosanganiza ndi tini. Ndalamazo sizinali zozungulira ayi. Zina zinali ngati timafosholo tolimira, ndipo m'maiko a Qi ndi Yan zinali ngati timipeni. Anthu anali atazolowera kugulana ndi zida zenizeni, tsono kachifanizo ka chidacho sikanawavute kulandira. Mfumu Qin Shi Huang italumikiza dziko lonselo m'chaka cha 221 Yesu asanabadwe, inalamula ndalama imodzi yokha, yozungulira, ya bowo la ngodya zinayi pakati, yotunga pachingwe.

Musadabwe nazo, pakuti kwathu kunonso khasu linayenda ngati ndalama. M'chaka cha 1863 David Livingstone anafika kwa Mfumu Mwase, ndipo paulendowo anaona ng'anjo zambiri m'midzi. M'ng'anjomo amisiri ankasungunula miyala ya chitsulo, nasula makasu. Makasuwo ankagula mchere ndi nsalu, ndiponso ankalipira milandu pabwalo. Ku Rumphi akuluakulu amasimba kuti Mlowoka anagawira mafumu makasu, ndi kuti dzina la Chikulamayembe linachokera pamenepo.

Nanga bwanji khasu? Chifukwa panalibe banja lolikana. Silifumbwa monga chimanga m'nkhokwe, silifa monga mbuzi, ndipo mwini wake akasowa chogula, amalimira.

Kwacha ndi tambala zinayamba m'chaka cha 1971. Nzopepuka kunyamula, komanso nzopepuka kumwaza, ndipo pepala silingalime mzere ngakhale umodzi. Tsono mukagulitsa fodya ku Chinkhoma, yambani mwapatula za mbewu, feteleza ndi makasu, zotsalazo ndiye mudye. Ndalama inachokera kumunda, ndipo gawo lake loyamba liyenera kubwerera komweko.

Inunso mafumu, ng'anjo zina zakale zikali chiimire m'nkhalango ya Kasungu National Park. Mukamva kuti ina yapezeka m'dziko lanu potsegula munda watsopano, musalole anyamata kuigumula. Itanani ana asukulu adzaone pamene makolo awo ankasulira chuma.