MABUKU A CINYANJA: KUMENE ANACOKERA NDI AMENE AYENERA KUWERENGEDWA

Mabuku oyamba amene Anyanja anawagwira m'manja mwao anali a ku calici ndi a ku sukulu. M'caka ca 1892 David Clement Scott wa ku Misyoni ya Blantyre anaturutsa buku lalikuru lomasulira mau a Cimang'anja, ndipo m'caka ca 1922 Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa, William Murray ndi anzace, Azungu ndi Akuda omwe, atagwira nchito yomasulira zaka zambiri. Kuno ku Zambia a Misyoni ya Dutch anafika pa Magwero m'caka ca 1899, natsegula masukulu m'midzi ya kum'mawa. Cotero anthu odziwa kuwerenga anayamba kucuruka. Koma munthu akatsiriza katekisimu ndi buku la nyimbo, analibe cina coti awerenge m'cinenero cace, ndipo anali ngati mlimi amene wapatsidwa khasu koma munda alibe.

Amene anayamba kutsegula mundawo ndiye Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, wobadwa m'caka ca 1905. Iye analemba buku lochedwa Nthondo, limene linalandira mphotho pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa, ndipo linasindikizidwa m'caka ca 1933. Caka cotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi nalicha Man of Africa. Apo mpamene ambiri anazindikira kuti Mcewa akhoza kulemba za moyo wa anthu a kwao, anthu a kutsidya kwa nyanja nawerenga.

Pa nthawi imeneyo migodi ya mkuwa inali kukula, ndipo ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga kunasonkhana anthu zikwi zambiri, ena a iwo odziwa kuwerenga ndiponso okhala ndi kandalama m'thumba pakutha pa mwezi. M'caka ca 1937 ku Ndola kunakhazikitsidwa kabungwe kolimbikitsa mabuku a anthu Akuda, ndipo m'caka ca 1948 nchitoyo inapatsidwa kwa Publications Bureau ya ku Lusaka, imene inali kutumikira Northern Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi. Aphunzitsi ndi makalaliki anali kutumiza zolemba zao kumeneko, ndipo zobvomerezedwa zinali kusindikizidwa ndi makampani a ku Britain monga Macmillan ndi Longmans. Wowerenga ayenera kukumbukira kuti zolembazo zinali kupyola m'manja mwa Boma la atsamunda ndi a misyoni. Ncifukwa cace mabuku a masiku amenewo ali odzala ndi malangizo, koma za tsankho la khungu ndi za malipiro a pa mgodi sanenapo zambiri. Ngakhale ziri tero, Cinyanja cace ncokoma, ndipo munthu ali yense akhoza kupezamo ca kumtima kwace.

Munthu wofuna kudziwa kumene makolo ace anacokera ayambe ndi Mbiri ya Acewa, buku limene Ntara yemweyo analemba m'zaka za m'ma 1940 atafunsa akuruakuru. M'menemo muli mbiri ya Amaravi, ya Kalonga, ya a Phiri ndi a Banda, ndi ya mafumu amene anapatuka kunka kukakhazika maiko ao. Mwana wa kwa Gawa Undi wobadwira m'komboni, amene amangomva dzina la pfuko lace osadziwa ciyambi cace, adzapindula nalo koposa. Pambali pace aikepo Mbiri ya Amang'anja lolembedwa ndi E. W. Chafulumira, ndi Msyamboza, limene Ntara anaturutsa m'caka ca 1949, lonena za mfumu ya m'dera la Dowa imene sinaope kuyesa zinthu zatsopano pa ulimi ndi pa kakhalidwe ka mudzi.

Wokonda nkhani za maulendo, makamaka amene anasiya mudzi kudzafuna ndalama, adziona yekha mwa Nthondo. Mnyamatayo akula mopulupudza, anka kukagwira nchito ku maiko a kumwera, agwa m'mabvuto cifukwa ca makhalidwe ace, ndipo pomariza abwerera kwao nakhala mfumu ya mudzi ndi Mkristu. Lina lofanana nalo ndilo Sikusinja ndi Gwenembe, lolembedwa ndi John W. Gwengwe. Abale awiri anka ku nchito kutali. Wina asunga cuma cace, wina amwaza. Ndipo pa njira yobwerera kumudzi nsanje ibala imfa, koma mbalame iulula cimene cinabisika m'thengo. Bukuli ndi lalifupi, loti munthu alitsiriza pa Sabata limodzi, koma funso lace silicoka msanga mumtima mwa munthu wa pa mgodi: tsiku lobwerera kwao adzanyamula ciani?

Amene akonda nkhani za ukwati ndi za mabanja afune Zomfula Mkazi Wacimaso-maso, lolembedwa ndi Jacob Zulu wa kuno ku Zambia. Dzina la bukulo likunena lokha mlandu umene uli m'katimo. Makolo amene akulera ana m'tauni, kutali ndi ambuye ndi anamkungwi, adzathandizidwa ndi Kukula ndi Mwambo, limene Gwengwe anaturutsa m'caka ca 1965, lofotokoza maleredwe a Acewa. Wokonda miyambi, amene afuna kuti mau ace azilemera poweruza mlandu kapena polankhula pa maliro, asunge Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga. Ndipo wofuna kumva za mantha a ufiti awerenge 1930 Kunadza Mchape la S. A. Paliani, lokumbutsa za anthu omwetsa mankhwala ocotsa ufiti, amene mbiri yao inafika ndi kuno komwe m'zaka za m'ma 1930.

Wailesi nayo inathandiza pa nchito imeneyi. Kuyambira m'caka ca 1949 kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special kanalowa m'nyumba zambiri, ndipo anthu anazolowera kumva cinenero cao cikucokera ku Lusaka. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, Julius Chongo anachuka ndi nthano zace za Poceza m'Madzulo, m'mene iye yekha anali kusintha mau nakhala mfumu, nkhalamba, kalulu ndi fisi. Wokonda kuseka afunefune buku lace lochedwa Fumbi Khoboo!, ndipo aliwerenge mokweza ana ali pomwepo, pakuti Cinyanja ca Chongo cinabadwira m'kamwa.

M'caka ca 1968 Boma la Malawi linalamula kuti cinenero cimeneci cizichedwa Chichewa, ndipo pambuyo pace kalembedwe ka maiko awiriwa kanasiyana pang'ono. Kusiyanako nkwa zilembo zocepa cabe, kotero kuti wa ku Chipata awerenga buku la ku Lilongwe popanda bvuto. Bvuto lenileni ndi lakuti mabuku ambiri ochulidwa pano sapezeka msanga m'masitolo, ndipo otsala ali m'masutikesi a aphunzitsi opuma nchito ndi m'makabati a masukulu akale, kumene ciswe sicigona. Amene ali nalo limodzi alikute cikuto colimba, alembe dzina lace m'kati, ndipo abwereke mnzace wa m'komboni. Wobwerekayo akatsiriza abweze msanga, kuti wacitatu nayenso awerenge.